Nkhondo Yojambulidwa ndi Mapazi: Ingoma, Mganda ndi Ankhondo a ku Mzimba

M'maiko a ku Ulaya nkhondo zikuluzikulu ziŵiri zija zidasiya nyumba zodzaza ndi zithunzi. Zina adazijambula amisiri otumidwa ndi boma, amene kaŵirikaŵiri ankafika pa malo omenyanirana mfuti zitaleka kale kulira. Koma zimene anthu amaima patsogolo pake nthaŵi yaitali ali duu, ndi zija adajambula asilikali eniake, anthu amene adagona m'maenje nadyera pafupi ndi mitembo ya anzao. Ife tsono, popeza makolo athu adamenya nao nkhondo zomwezo, tili ndi chifukwa chofunsira kuti: nanga a kwathu kuno, zao zili kuti? M'boma la Mzimba mudatuluka amuna ambirimbiri kupita ku nkhondo ya 1914 ndi ya 1939, ndipo kale lomwe, Azungu asanakhazikike, dzikoli linali la ankhondo amene mbiri yao inkamveka kuyambira ku Luangwa mpaka ku nyanja. Kodi anthu otereŵa adangobwerako osasiya kanthu koonetsa zimene maso ao adaona?

Adasiya ndithu, ndipo zimene adasiyazo timaziona chaka ndi chaka. Chotilepheretsa kuzizindikira nchakuti sukulu idatizoloŵeza kuganiza kuti chithunzi ndi chinthu chopachika pa khoma, chokhala ndi dzina la mwini wake m'munsi. Wankhondo wa ku Mzimba adajambula nkhondo yake ndi mapazi, ndi mau, ndi chikopa cha ng'ombe ndiponso ndi chikho. Zimene adaikamo, makamaka zimene adasankha kuzisiya kunja, ndizo tifuna kuzilondola muno.

Tiyambe taona pang'ono za kutsidya kwa nyanja, kuti tikhale ndi poyerekezera. Otto Dix, Mjeremani, adadzipereka yekha ku usilikali nakhala pa mfuti ya chiwaya zaka zingapo. Mu 1924 adatulutsa zithunzi 50 zodinda, zonse pamodzi nkuzitcha Der Krieg, ndiye kuti Nkhondo. M'menemo mulibe ngwazi. Muli zigaza, mphutsi, anthu openga ndi mantha, ndi nkhope zobisika m'zophimba zodzitetezera ku mpweya wakupha. A chipani cha Hitler atatenga boma mu 1933 adamchotsa pa ntchito yake yauphunzitsi ku Dresden, pakuti zithunzi zotere sizikadathandiza anthu ofuna kutumanso anyamata ku nkhondo. Mngelezi Paul Nash adafika ku Ypres mu 1917 ali ofesala wamng'ono, ndipo zimene adajambula pambuyo pake ndi minda yosanduka matope ndi nkhalango zotsala zitsa zokhazokha.

Wachitatu ngwapafupi ndi ife. Walter von Ruckteschell anali mmisiri wa zojambula ndi zosema amene nkhondo idampeza ku German East Africa, dziko limene gawo lake lalikulu lero ndi Tanzania. Adaloŵa m'gulu la nkhondo la Paul von Lettow-Vorbeck, nakhala wothandizira wake mpaka gululo lidatula zida ku Abercorn, Mbala wa lero, mu Novembala 1918. Iyeyu adajambula nkhope za asilikali achikuda ndi za onyamula katundu, ndipo zithunzi zake zidakongoletsa mabuku a Lettow-Vorbeck. Luso lake sitingalikane. Koma taonani kumene lidakathera: mu 1939, Ajeremani atayambanso kulakalaka maiko a mu Africa amene adalandidwa, zosema zake zikuluzikulu za asilikali achikuda zidaimikidwa pa malo a asilikali ku Hamburg, kuti zichitire umboni nthano yakuti munthu wakuda ankakonda Mjeremani mpaka kumfera mokondwa. Nkhope inali ya wa kuno, koma mau anali a mlendo. Nchifukwa chake nkofunika kumva zimene eniake adanena okha.

Ku Mzimba luso la nkhondo silidayambe ndi Azungu. Angoni a Zwangendaba, amene adaoloka Zambezi pa tsiku la kadamsana mu Novembala 1835, adabwera ndi kamenyedwe ka nkhondo ka kumwera pamodzi ndi zokometsera zake zonse. Zwangendaba atamwalira ku Ufipa, mtundu udagaŵikana, ndipo gulu la M'mbelwa lidadzakhazikika m'dziko la Atumbuka m'zaka za m'ma 1850. Kuchokera m'zigwa za Kasitu ndi Rukuru, magulu a nkhondo ankatuluka mvula ikatha, ena kuloŵera kunyanja kwa Atonga, ena ku Luangwa, ena kumwera kwa Acheŵa.

Chinthu choyamba chimene wankhondo ankanyadira chinali chishango. Chikopa cha ng'ombe ankachidula motalika, nkuchiumitsa, nkuboola timipata m'mizere iŵiri pakati pake, nkuloŵetsamo zingwe za chikopa cha mtundu wina kuti zigwire ndodo ya kumbuyo. Mizereyo ili ndi ntchito yake, komanso ndiyo imakongoletsa. Maŵanga a chishango sanali a utoto. Anali a ng'ombe yomwe, chuma chimene nkhondoyo inkamenyedwera. Kwa Azulu, abale ao a kumwera, mtundu wa chishango unkauza munthu gulu la mwini wake: zoyera zinali za akuluakulu okhwima pa nkhondo, zakuda za anyamata.

Koma chithunzi chenicheni cha nkhondo chinkajambulidwa m'chibaya, ndiye kuti m'khola lalikulu la ng'ombe za inkosi, ankhondo atabwerako. Dr W. A. Elmslie, amene adafika ku Njuyu mu 1885, adakhala pakati pa Angoni nkhondo zisanaleke, ndipo Margaret Read, amene adadzafufuza miyambo yao m'zaka za m'ma 1930, adamva za gule wa nkhondo wotchedwa ligubo kwa nkhalamba zimene zidagwirako mkondo. Munthu amene wachita chamuna ankatuluka pa mzere yekhayekha, nkuyamba kuonetsa ndi thupi lake m'mene zidayendera: kuzemba, kulumpha, kutchinga ndi chishango, kubaya, kubwerera chafutambuyo, uku anzake akumponyera zithokozo zake, maina aja otamanda amene munthu ankaŵapata ndi ntchito zake. Apa pali chinthu chimene wojambula pa nsalu alibe. Iye angathe kuonjeza zimene sadaone, chifukwa odzaona chithunzi chake kunkhondoko kunalibe. Wovina m'chibaya ankavina pamaso pa anthu amene anali naye pa linga lomwelo, odziŵa amene adayamba kuloŵa ndi amene adatsalira m'mbuyo. Wonama akadasekedwa pomwepo. Motero gule ameneyu anali luso, komanso anali umboni woperekedwa pa bwalo.

Ingoma, imene timaiona mpaka lero ku Edingeni, ku Embangweni, ku Emfeni ndi m'midzi ina, ndi mbale wake wa ligubo wa pa nthaŵi ya mtendere. Ng'oma simvekapo, ng'oma yake ndi nthaka, imene amuna amaiponda pamodzi mpaka woonerera aimve m'mimba, akazi akuomba m'manja ndi kulandira nyimbo. Chishango, chibonga, nthenga za kumutu ndi michira ya ng'ombe zonse zilipo, koma mdani palibe. Chatsalapo ndi chija ankhondo ankachidalira koposa mkondo, chakuti phazi la mnzako litera pamodzi ndi lako.

Komabe tisakometse zinthu mopitirira muyeso. Gule wa m'chibaya ankasimba nkhani ya wobaya. Ya wobayidwa inalibe malo. Cha m'ma 1880 Atumbuka ena motsogozedwa ndi Baza Dokowe adaukira Angoni nathaŵira pa phiri la Hora. Ankhondo a Ng'onomo Makamo adaŵazinga, ndipo njala ndi ludzu zitaŵapana, ambiri adaphedwa. Baza adapulumuka nathaŵira ku Kasungu. Opambana adavina. Ogonja luso lao lidakabisala kwina. Pa gule wochiritsa wa vimbuza, amene bungwe la UNESCO lidamlemba m'kaundula wa chuma cha mitundu yonse mu 2008, pali mizimu yotchedwa vyanusi, imene ndi ya Angoni. Ikamgwira wodwala, amavina chingoni, ngakhale iye ndi makolo ake atakhala Atumbuka. Zimene Atumbuka sakadatha kuzinena poyera pamaso pa inkosi, thupi la wodwala lidazinena usiku, ng'oma zikulira. Ndiye poti Angoni ankasandutsa ogwidwa kukhala ana a m'nyumba ndi ankhondo ao, pofika lero munthu mmodzi yemweyo angakhale ndi agogo amene adazinga phirilo ndi agogo amene adazingidwa. Wansembe wotumikira m'boma limeneli achita bwino kukumbuka zimenezi pamene ingoma yafika pa bwalo la tchalitchi.

Amishoni a Livingstonia sadamvane pa za magule ameneŵa. Elmslie ankaŵaona ngati chikunja chofunika kuchizula. Donald Fraser, amene adatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, ndipo Angoni adamutcha Chisekeseke, ankaona mwina. Ingoma adailola, ndipo pa misonkhano yake ikuluikulu ankachititsa mipikisano yopeka nyimbo zachikhristu pa maimbidwe achingoni. Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula ndi ena mwa amene adapeka, ndipo nyimbo zambiri za nthaŵi imeneyo zili m'buku la Sumu za Ukhristu. Anthu amene adakulira pa maimbidwe otamanda inkosi ndi ankhondo ake adatenga maimbidwe omwewo nkuŵapereka kwa Mfumu ina. Mmodzi mwa atsogoleri oyamba a mpingowo, Daniel Mtusu, adaapitako ku nkhondo zofunkha ali mnyamata, ndipo mbiri ya moyo wake Fraser adaitulutsa m'buku mu 1925. Pamene ansembe a White Fathers ankatsegula mishoni ya Katete mu 1938, adapeza ntchito yotere itachitika kale, zaka zambiri Msonkhano wachiŵiri wa ku Vatican usanalamule, mu 1963, kuti maimbidwe a mitundu ya anthu alemekezedwe m'chipembedzo.

Mu 1904 Angoni a M'mbelwa adalandira ulamuliro wa Angelezi pa msonkhano wa ku Ekwendeni ndi Sir Alfred Sharpe, popanda kukhetsa magazi. Nkhondo zofunkha zidatha. Patangopita zaka khumi, kudabwera nkhondo ya mtundu wina, imene anthu adaitcha Nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolira mosalekeza. Pa 9 Seputembala 1914 Ajeremani ndi asilikali a King's African Rifles adamenyana ku Karonga, ndipo kuyambira mu 1916 gulu la General Edward Northey lidaloŵa m'dziko la Ajeremani kudzera kumpoto kwa nyanja. Misewu kunalibe, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe, tsono ufa, zipolopolo ndi mahema zidakwera pa mitu ya anthu. Lettow-Vorbeck ataoloka Rovuma kuloŵa mu Mozambique mu Novembala 1917, maulendo adangotalikirako. Mwa anthu a Nyasaland, pafupifupi 19,000 adagwira mfuti, koma pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga, m'dziko limene anthu ake onse ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Melvin Page, amene adacheza ndi otsala a nkhondoyi m'zaka za m'ma 1970 natulutsa buku la The Chiwaya War mu 2000, adapeza kuti chimene adachikumbuka koposa zipolopolo chinali njala, kamwazi, chikoti ndi mitembo yosiyidwa m'mbali mwa njira.

Ku Mzimba nkhaniyi ili ndi mutu wake wapadera. Mu 1915 Inkosi Chimtunga Jere, woloŵa m'malo mwa M'mbelwa woyamba, adakana kuti anthu ake atengedwe ku ntchito ya mtengatenga. Boma lidamchotsa pa ufumu nkumtumiza ku Chiromo, ku chigwa chotentha cha Shire. Adaloledwa kubwerera mu 1920, koma ngati nyakwaŵa wamba, namwalira mu 1924. Tikaganiza bwino, kukana kwakeko nkosadabwitsa. Ana a anthu amene ankabwera ku nkhondo akutsogoza ogwidwa osenza zofunkha, tsopano ankaitanidwa kuti asenze iwowo katundu wa eni nkhondo. Pa nkhondo yotere palibe linga loti munthu aloŵe poyamba, palibe mdani womuona nkhope, palibe zithokozo. Munthu wobwera ku Songea kapena ku Iringa ndi zipsera za katundu pa mapeŵa akadavina chiyani m'chibaya?

Adavina gule wina. Terence Ranger, m'buku lake la 1975 lonena za gule wa beni, adaonetsa kuti guleyu adayamba m'mizinda ya Aswahili ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere, monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890, ndipo dzina lake lidachokera ku liu lachingelezi lotanthauza gulu la oimba malipenga ndi ng'oma. Asilikali achikuda a mbali zonse ziŵiri adamtenga nayenda naye kulikonse kumene nkhondo idafika, ali m'magulu opikisana otchedwa Marini ndi Arinoti. Nkhondo itatha, obwerera adafika naye kuno. Kwa Ayao adasunga dzina la beni. Kumpoto ndi pakati kudabadwa abale ake: malipenga kwa Atonga a ku Nkhata Bay, ku Likoma ndi ku Karonga, mganda ku Rumphi, ku Mzimba, ku Kasungu, ku Ntchisi, ku Dowa, mpaka kutsidya kwa malire ku Lundazi. W. P. Koma-Koma adalemba kabuku ka m'chilankhulo chathu konena za guleyu mu 1965, ndipo Hugh Tracey adajambula mau a malipenga m'zaka za m'ma 1950.

Aliyense amene adaonapo mganda m'chilimwe, anthu atakolola, adziŵa m'mene umakhalira. Gulu la ovina limatchedwa boma, ndipo lili ndi maudindo ake: kingi, kaputeni, sajeni, dokotala, namwino. Amuna amaima m'mizere yoongoka monga pa perete, atavala malaya ndi makabudula ochapa ndi osita bwino, masokosi ofika m'maondo, nsapato zopukuta, ena tayi, ena kansalu koyera m'manja. Ng'oma yaikulu ya mbali ziŵiri, yoomba ndi ndodo, ndi mwana wa ng'oma ya gulu la asilikali. Wenzulo ukalira, mzere wonse umatembenuka ngati munthu mmodzi. Ndiye pali malipenga eniake, amene kwa ife ndiwo luso loposa zonse. Lipenga lamkuwa la msilikali linali la boma la Angelezi, ndipo lidatsala ku Zomba. Wobwerera adatenga chikho, nachiboola, natseka kamwa lake lina ndi kansalu koyera kaja kangaude amakutira nako mazira ake. Munthu akaimbira m'menemo, kansaluko kamanjenjemera, mau nkutuluka onga a lipenga. Zikho zazing'ono zimaimba mau aang'ono, zazikulu mau aakulu, kotero kuti boma limodzi limatulutsa nyimbo yonse ya perete ndi zinthu za m'munda ndi za pa khoma la nyumba. Maboma a midzi yosiyana amayenderana napikisana, ndipo ochereza amaphika monga pa ukwati.

Tsono nachi chodabwitsa. M'chithunzi chonsechi mulibe nkhondo. Mulibe matope, mulibe njala, mulibe mtembo. Dix adajambula maenje. Wa ku Mzimba adajambula bwalo la perete. Asilikali ambiri a King's African Rifles adamenya nkhondo yoyamba opanda nsapato, ndipo amtengatenga adabwerako ndi nsanza, koma pa mganda munthu wa zovala zakuda sayandikira mzere. Madandaulo analipo, pakuti a Page adamva nyimbo za pa ulendo zolira njala ndi imfa ya kutali ndi kwao, ndipo nyimbo za mganda zimathanso kunyoza ndi kudandaula. Koma zimenezo zili m'mau. Thupi lili chilili, mutu uli m'mwamba.

Ena adati uku nkungotsanzira Mzungu, chizindikiro cha anthu ogonja mu mtima. Ife sitikuvomereza. Dix adabwerera kwa anthu amene nkhondo sadaione, amene nyuzipepala zao zinkaikometsa. Chimene chinkasoŵa kwao chinali choonadi cha imfa, ndipo iye adaŵapatsa chimenecho. Wa ku Mzimba adabwerera ku mudzi wodziŵa kale imfa, umene minda yake idagonera chifukwa amuna kunalibe, ndipo chimfine choopsa cha 1918 ndi 1919 chinali kuika anthu m'manda tsiku ndi tsiku. Kuŵaonetsa mtembo anthu otere kukadakhala kuthira madzi m'nyanja. Chimene iye adamanidwa kunkhondoko chinali ulemu. Adalamulidwa m'chilankhulo chachilendo, pakuti m'magulu a Nyasaland malamulo ankaperekedwa m'Chinyanja, ndipo Mtumbuka kapena Mngoni adachita kuchiphunzirira komweko. Adaona kuti wakuda, ngakhale alimbe mtima chotani, sangapitirire usajeni meja, chifukwa uofesala weniweni unali wa Azungu okha kufikira pafupi ndi nthaŵi ya ufulu wathu. Pa bwalo la mganda adagaŵana maudindo onse amene adamanidwa. Kingi ngwakuda, kaputeni ngwakuda, dokotala ngwakuda, ndipo gulu lenilenilo limatchedwa ndi dzina la ulamuliro wa Mzungu, boma. Woyendera mizere nkumayang'ana makolala ndi zikhadabo ndi mwana wa m'mudzi momwemo, ndipo oonerera amaseka, chifukwa akudziŵa amene akumuyerekeza. Nthabwala ndi kunyada zili pamodzi, ndipo sitiyenera kuzilekanitsa. Christopher Kamlongera sadalakwe pamene mu 1986 adalemba za malipenga ngati seŵero.

Wina anganene kuti ambiri mwa ovina mganda sadagwirepo mfuti, tsono bwanji tikuutcha luso la asilikali? Nzoona kuti guleyu adakula chifukwa cha anthu ena, makamaka opita ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, ulendo umene Mzimba idadziŵika nao kwambiri. Malaya oyera, mawotchi ndi nsapato za pa mganda zidagulidwa ndi ndalama za kumeneko. Koma moyo wa ku komboni ya mgodi, wa nambala, mzere, wenzulo ndi kapitao, sunali wosiyana kwenikweni ndi wa ku kampu ya asilikali, ndipo nchifukwa chake chithunzi chimene msilikali adayamba, wa ku mgodi adadzionamo nachipitiriza. Chithunzi cha pa nsalu chimatha tsiku limene mmisiri watula burashi. Chithunzi chovinidwa chimafuna anthu atsopano chaka chilichonse, ndipo aliyense amasiyamo kanthu kake.

Nkhondo ya 1939 idaonjeza nkhuni pa moto woyaka kale. Amuna a Nyasaland pafupifupi 30,000 adalembedwa usilikali. Adamenya ku Somaliland mu 1940, ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 adatsika chigwa cha Kabaw ku Burma pakati pa mvula ya dzinja la kumeneko. Obwerako adapeza maboma a mganda ali chikhalire, naloŵamo ndi kagubidwe katsopano. Ufulu utabwera mu 1964, magule onse aŵiri adapatsidwa ntchito ina. Ingoma ndi mganda zinkavinidwa pa zikondwerero za boma, mau a nyimbo atasinthidwa kuti atamande Dr H. Kamuzu Banda, amene nthaŵi zina ankatsika yekha, chishango ndi mkondo zili m'manja, nkuvina nao Angoni. Zimene zidachitikira zosema za Ruckteschell ku Hamburg zidachitikirako magule athu: luso la ankhondo lidanenetsedwa mau a wolamula. Masiku ano ingoma ili ndi bwalo lake lalikulu pa mwambo wa Umthetho, umene umachitika mwezi wa Ogasiti patsinde pa phiri lomwe lija la Hora.

Kwa ife ophunzira Malembo Oyera zimenezi si zachilendo. Aisraele sadatisiyire zithunzi za nkhondo zao monga adachitira mafumu a ku Asiriya pa makoma a ku Ninive. Adatisiyira nyimbo ndi gule. Nyimbo ya Debora pa Aŵeruzi 5, imene akatswiri amaiyesa imodzi mwa ndakatulo zakale kwambiri m'Baibulo, imatchula mafuko amene adabwera ku nkhondo ndi amene adatsalira ku makola a nkhosa, ndipo Mngoni wa m'chibaya akadaimvetsa msanga. Akazi ovina pochingamira Saulo ndi Davide nawonso tikuŵadziŵa. Koma pali nyimbo ina ya mtundu wosiyana. Pa 2 Samuele 1, Davide, msilikali wa magazi ambiri m'manja, adapeka nyimbo yolira Saulo ndi Yonatani ataphedwa pa phiri la Gilibowa, nalamula kuti anthu a ku Yuda aiphunzire. Saulo anali munthu amene adamsakasaka kuti amuphe. Apa wankhondo sakudzitama ndipo sakudzikongoletsa. Akulira akufa, akuŵatchula maina, ndipo akuphunzitsa mtundu wonse kulira kwakeko. Ligubo ndi la wopambana, mganda ngwa wopulumuka, koma nyimbo ya Davide nja amene sadabwerere.

Amene sadabwerere ku Mzimba ambiri anali amtengatenga. Nsanja ya chikumbutso ya ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, ili ndi maina a asilikali a King's African Rifles amene adafa pa nkhondo yoyamba. Onyamula katundu adaikidwa m'mbali mwa njira, popanda mwala. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamala manda a nkhondo, lidavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri mwa iwo a mu Africa, sadakumbukiridwe ndi maina ao monga adachitira ndi Azungu. Luso la anzao opulumuka nalonso lidaŵadumpha. Pa maudindo a m'boma la mganda pali kingi, pali kaputeni, pali dokotala woyeza odwala ndi namwino womthandiza, pali woomba wenzulo ndi wonyamula mbendera. Wa mtengatenga palibe.